Nanga "very angry" amaloledwa bwanji? Yankho kwa mphunzitsi wa Chingerezi

Sabata yatha ndidalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa pa sekondale yoyendera m'boma la Ntcheu. Iwo akuti ophunzira awo a Fomu 3 amakonda kulemba "I was very furious" kapena "she was very terrified" m'zimangirizo, ndipo akawachongera kuti alakwitsa, anawo amafunsa kuti nanga "very angry" amaloledwa bwanji. Aphunzitsiwo akuti khutu lawo limawauza kuti mawuwo sakugwirizana, koma akusowa njira yowafotokozera ana kuti amvetse chifukwa chake.

Aphunzitsi, choyamba ndikuyamikireni chifukwa chokhala ndi ophunzira ofunsa, pakuti funso lawolo ndi loyenera ndithu. M'Chingerezi afotokozi onena za mmene munthu akumvera mumtima ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la mawu amene angathe kukula kapena kuchepa, monga "angry", "tired", "frightened", "happy", "sad" ndi "surprised". Munthu akhoza kukwiya pang'ono kapena kwambiri, n'chifukwa chake mawuwa amalandira "a bit", "slightly", "very" ndi "extremely". Gulu lachiwiri ndi la mawu amene afika kale pamapeto, monga "furious", "exhausted", "terrified", "delighted", "devastated" ndi "astonished". Mkati mwa liwu lakuti "furious" muli kale "very angry", choncho kuikanso "very" patsogolo pake kuli ngati kuthira madzi m'ndowa yodzadza kale. Mawu a gulu limeneli amayenda ndi "absolutely", "completely", "totally" kapena "utterly", omwe ntchito yawo si kuwonjezera mlingo ayi, koma kutsimikiza kuti mlingowo wakwaniradi.

Limeneli ndiye lamulo, koma ine sindiyambira pa lamulo, chifukwa ana athu amalidziwa kale kusiyana kumeneku m'chiyankhulo chawo ngakhale kuti palibe adawauzapo. Tsiku lina ndidalemba pa bolodi ziganizo ziwiri, china chakuti "ndatopa pang'ono" ndi china chakuti "ndatheratu pang'ono", kenaka ndidafunsa kalasi kuti chomveka ndi chiti. Onse adakana chachiwiricho nthawi yomweyo, ndipo mtsikana wina wokhala kumbuyo adati, "Aphunzitsi, munthu akatheratu ndiye kuti watheratu, palibenso zapang'ono." Mwanayo adafotokoza phunziro lonse m'chiganizo chimodzi, ndipo ine ndidangotenga choko n'kulemba "tired" pansi pa "ndatopa", ndi "exhausted" pansi pa "ndatheratu".

Chichewa chili ndi chuma chambiri pa nkhani imeneyi, ndipo ndikukulimbikitsani kuti muchigwiritse ntchito mosachita manyazi. Munthu amamva njala pang'ono, koma sanganene kuti wafa ndi njala pang'ono, ndipo umu ndi mmene "hungry" amasiyanirana ndi "starving". Timaopa pang'ono, koma tikazizira nkhongono ndiye kuti tafika pa "terrified". Kudabwa kumakula ndi kuchepa, koma munthu akangoti kakasi, wagwira pakamwa, ameneyo ndiye "astonished". Chimwemwe chodzadza tsaya sichikhala chatheka, monganso "delighted" sakhala watheka. Kachidutswa kathu kakuti "-ratu", kamene timakamva mu "kutoperatu" ndi "kusokonezekeratu", kamagwira ntchito yofanana kwambiri ndi "completely" ndi "absolutely". Vuto limabwera chifukwa chakuti ife timanena za mumtima pogwiritsa ntchito aneni, ndipo liwu lakuti "kwambiri" limakwanira pafupifupi paliponse, moti "walusa kwambiri" sizimveka zachilendo m'makutu mwathu. Mwana akaphunzira kuti "kwambiri" ndi "very", amamunyamula "very" uja n'kumamuika paliponse pamene akadaika "kwambiri". Kulakwitsa kwake si kwaulesi ayi, koma kukuchokera m'kuganiza kolongosoka, ndipo ndi bwino kumuuza zimenezi asanaone cholembera chofiira.

Ana akagwira mfundoyi, jambulani mzere wautali pa bolodi ndipo muwapatse nkhani imene akuidziwa kuti aike mawu pamalo pake. Ine ndimakonda kugwiritsa ntchito masewero a mu Januwale 2022, pamene timu ya Flames idakumana ndi Morocco m'ndime ya matimu 16 ya mpikisano wa AFCON ku Cameroon. Gabadinho Mhango adagoletsa chigoli chapatali masewero atangoyamba kumene, koma pamapeto pake tidagonja ndi zigoli 2 kwa 1. Ndimawafunsa kuti anthu adamva bwanji mpira uja utalowa m'golo, ndipo wina akati "happy", anzake amamutsutsa okha kuti liwulo lachepa, mpaka amafika pa "thrilled" ndi "amazed". Ndikawafunsa za pamapeto pa masewero, amakangana pakati pa "disappointed" ndi "devastated", ndipo mkangano umenewu ndi umene ndimaufuna, chifukwa umawaphunzitsa kuyeza kulemera kwa liwu.

Pa liwu lakuti "devastated" ndimaima kanthawi. Ophunzira akangodziwa mawu akuluakuluwa amayamba kuwamwaza paliponse pofuna kusangalatsa wochonga mayeso, mpaka wina amalemba kuti adali "devastated" chifukwa cholembera chake chidatayika. Ndimawakumbutsa kuti liwuli ndi loyenera mabanja a ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre amene adataya abale ndi nyumba pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Koma chitsanzo ichi muchigwiritse ntchito mosamala, ndipo ngati m'kalasi mwanu muli mwana amene tsokali lidamukhudza, musankhe china.

Pali zinthu zingapo zing'onozing'ono zimene ana adzakufunsani. Liwu lakuti "really" limayenda ndi magulu onse awiri, choncho "really angry" ndi "really furious" zonse ndi zolondola, ndipo mwana amene wasokonezeka akhoza kuthawirako, ngakhale kuti m'kalata ya ntchito si bwino kulichulukitsa. Liwu lakuti "quite" ndi lovutirapo, chifukwa m'Chingerezi cha ku Britain "quite tired" amatanthauza kutopa kwapakatikati, pamene "quite exhausted" amatanthauza kutheratu. Ndingakulangizeni kuti limeneli mulisunge mpaka ana atakhazikika pa zoyambazi. Komanso si liwu lililonse lotsimikiza limene limakwanira paliponse: anthu amati "absolutely furious", "completely exhausted" ndi "utterly devastated", ndipo ndi bwino ana aziphunzira mawuwa awiriawiri monga amayendera, osati kuloweza mndandanda wa afotokozi paokha ndi wa aonjezi paokha.

Tsono pali nkhani ya "I am very delighted", imene ana anu amaimva pa wailesi ndi pa misonkhano kuchokera kwa anthu ophunzira ndi olemekezeka. Musawauze kuti akuluakuluwo sadziwa Chingerezi, chifukwa kayankhulidwe kameneka n'kofala kuno kwathu ndipo aliyense amamva tanthauzo lake. Komabe mukudziwa kuti mwana sangalandire satifiketi ya MSCE ngati sadakhoze Chingerezi, choncho pa zolembalemba ndi udindo wathu kumuzoloweza kalembedwe kamene palibe wochonga angakakayikire. Ine ndikapeza "very delighted" m'kope sindingodula mzere, koma ndimalemba m'mbali kuti asankhe pakati pa "very pleased" ndi "absolutely delighted", kenaka andiuze chifukwa chimene wasankhira chimenecho.

Njira yachidule yoti mwana adziyese yekha m'chipinda cha mayeso ndi kuika "a bit" patsogolo pa liwu limene akulikayikira. Ngati "a bit worried" zikumveka, ndiye kuti "very worried" zithekanso. Ngati "a bit terrified" zikumukumbutsa "ndatheratu pang'ono" uja, asiye "very" ndipo alembe "absolutely". Mukayesa phunziroli ndi Fomu 3 yanuyo, mundilemberenso, ndipo munditumizireko mawu a Chichewa kapena a Chingoni amene ana a ku Ntcheu aika kumapeto kwa mzere wa pa bolodi uja.