Mwana wanga si Myuda, kodi angapeze thandizo lophunzira za Ayuda?

Mayi wina walemba kuti mwana wawo wamkazi wamaliza digiri ya zaumulungu, anakhoza bwino Chiheberi, ndipo akufuna kuchita digiri yachiwiri pa mbiri ndi chikhalidwe cha Ayuda. Vuto n'lakuti masikolashipu ambiri amene akuwapeza akuti ndi a ophunzira Achiyuda okha. "Ife ndife Akhristu. Kodi tingozisiya?"

Mayi, musazisiye ayi. Pali ndalama za mitundu iwiri zimene anthu amazisokoneza. Zina amapereka kwa munthu chifukwa ndi Myuda, zina amapereka chifukwa cha phunzirolo, ndipo sayang'ana kuti mumapemphera kuti.

Za mtundu woyamba ndi monga za Masa Israel Journey, bungwe lomwe linayamba mu 2004 kuthandiza achinyamata Achiyuda kukaphunzira ku Israel. Izi si za mwana wanu. Ndipo wina akamuuza kuti angolemba pa fomu kuti ndi Myuda, akane. Mabungwe oterewa amafufuza za banja ndi dera lomwe munthu akuchokera, ndipo bodza likadziwika dzina limaipa pakati pa akatswiri ochepa omwe amadziwana okhaokha.

Khomo lake ndi lachiwirili. Ku Oxford kuli malo ophunzirira Chiheberi ndi za Ayuda omwe David Patterson anakhazikitsa mu 1972, ndipo yunivesiteyo imaphunzitsa digiri yachiwiri pa phunziroli. Ku Stockholm kuli Paideia, sukulu yomwe imalandira Ayuda ndi anthu ena pamodzi kukawerenga zolemba Zachiyuda kwa chaka chimodzi, ngakhale kuti maso awo ali kwambiri pa ophunzira a ku Ulaya. Pafupi nafe, ku yunivesite ya Cape Town, kuli Kaplan Centre yomwe inayamba mu 1980 ndipo imafufuza kwambiri za Ayuda a kumwera kwa Africa. Ine ndikanayambira kumeneko. Aphunzitsi ake nkhani za kuno amazimva msanga, ndipo ulendo wake sufuna ndalama zankhaninkhani.

Koma dziwani kuti mathumba ambiri odziwika, monga a Katz Center ku yunivesite ya Pennsylvania kapena a nyumba yokumbukira Holocaust (kuphedwa kwa Ayuda mamiliyoni ambiri m'nthawi ya Hitler) ku Washington, amafuna munthu amene ali kale pa PhD kapena waimaliza. Pa digiri yachiwiri ndalama nthawi zambiri zimachokera kunja kwa phunziroli. Sikolashipu ya Rhodes imalipirira maphunziro ku Oxford ndipo Amalawi amapikisana nawo m'gulu la mayiko a kumwera kwa Africa, pomwe Zambia ndi Zimbabwe ali ndi malo awoawo. Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, imafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka 2.

Chomwe chidzamusiyanitse ndi anzake ndi chiyankhulo. Chiheberi cha m'Baibulo chomwe anaphunzira ndi maziko abwino, koma mabuku ambiri a akatswiri a lero ali m'Chiheberi chamakono, chomwe amalemba popanda timadontho ta pansi pa zilembo tothandiza powerenga. Ayambe tsopano, tsamba limodzi patsiku, mpaka maso azolowere. Pa kalata yopempha malo asalembe kuti amakonda Israel kuyambira ali mwana. Atchule funso limodzi lomwe akufuna kulifufuza, mwachitsanzo moyo wa Ayuda amene anakhazikika ku Livingstone ndi ku Bulawayo zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo aphunzitsi ake a Chiheberi ndiwo amulembere kalata ya umboni.