Thupi likupanga, koma chiwindi chikuchotsa msanga

Mayi wina wa ku Monkey Bay wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi amatuluka kamfuno pafupipafupi, ndipo chithereni msinkhu akapita kumwezi amataya magazi kupitirira sabata. Ku Blantyre adokotala anawauza kuti ndi matenda a von Willebrand, ndiponso kuti thupi la mwanayo limachotsa msanga puloteni yothandiza magazi kuundana. Akufunsa kuti: ngati thupi likuipanga, vuto lagona pati?

Mayi, funso lanuli ndi lomwe lili pamtima pa nkhaniyi. Puloteni imeneyi, von Willebrand factor kapena VWF mwachidule, imapangidwa m'khoma la mitsempha ya magazi. Munthu akadzicheka, imatambasuka ngati ukonde n'kukola timaselo totchedwa ma platelet, bala n'kutsekeka. Imaberekanso kumsana puloteni inzake yothandizanso magazi kuundana, factor VIII. Ikakhala pamsana pamenepo, factor VIII imatha maola pafupifupi 12 m'magazi, koma ikasiyidwa yokha, maola awiri okha yatha.

Tonsefe thupi limachotsa VWF yakale tsiku ndi tsiku. Ntchitoyi amagwira ndi maselo otchedwa macrophage, makamaka a m'chiwindi. Kwa mwana wanu, puloteniyo ili ndi kachilema kochokera kumtundu, ndiye maselowo amaigwira isanakhalitse. Zili ngati kutunga madzi kunyanja ndi ndowa yobooka: mwatunga yodzaza ndithu, koma pofika pakhomo mwatsala theka. Mtundu uwu wa matenda a von Willebrand madokotala amautcha 1C, ndipo wodziwika kwambiri ndi wa Vicenza, dzina la mzinda wa ku Italy komwe anaupeza m'mabanja ena. Ngakhale gulu la magazi limalowererapo: anthu a gulu O VWF yawo imachoka msangako, moti imakhala yotsika ndi pafupifupi 25 peresenti.

Apa ndikupempheni mumvetsetse, chifukwa zikukhudza mankhwala. Pali mankhwala a desmopressin omwe amakankhira VWF yosungidwa kuti ilowe m'magazi. Kwa odwala a 1C, akayeza patatha ola limodzi zimaoneka bwino kwambiri, koma pomakwana maola anayi yatsikanso. N'chifukwa chake kuyeza kumachitika kawiri. Pa opaleshoni yaikulu kapena pobereka, mankhwalawa paokha sangakwanire, ndipo adokotala ayenera kudziwiratu miyezi isanakwane.

Pa za kumwezi, funsani za tranexamic acid, mapiritsi oteteza magazi oundana kuti asasungunuke msanga, komanso mapiritsi a ayironi obwezera magazi. Aspirin ndi Brufen ayi, ngakhale m'mimba mupweteke bwanji. Panado ndiye angamwe.

Chimandiwawa n'chakuti atsikana ambiri amauzidwa kuti "kwathu timatero", n'kumavutika chamumtima. Dokotala wa ku Finland, Erik von Willebrand, analemba za matendawa mu 1926 ataona kamtsikana ka kuzilumba za Åland, komwe kanadzamwalira ndi magazi a kumwezi katangotha msinkhu. Lero thandizo lilipo.

Matendawa sasankha mwamuna kapena mkazi, ndipo kholo limodzi lokha likhoza kupatsira mwana. Ngati muli ndi anyamata, kuno kwathu ku Mangochi nthawi ya jando isanafike, kawayezetseni kaye, ndipo mdulidwe wawo ukachitikire kuchipatala, adokotala atauzidwa za mlongo wawoyo.