Funsani Amakanika: Discovery yanga ikumaphulika ndikaisinthira ku gasi

FUNSO: Zikomo amakanika, ndikulemba kuchokera ku Leicester kuno ku England. Ndinagula Land Rover Discovery yakale ya 1996, injini yake V8 3.9, ndipo amene anali nayo poyamba anaiika zoti iziyendera gasi, LPG uja, thanki ili mu buti. Pa petulo imayenda bwinobwino kungoti mmawa imanjenjemera pang'ono kenako nkusiya. Koma ndikangosinthira ku gasi, makamaka ndikaponda mafuta pochoka pa roundabout kapena pokwera chitunda, imayamba kudukizadukiza kenako phuu! kuphulika mu boneti. Sabata yatha inaphulitsa bokosi la fyuluta ya mpweya mpaka chivindikiro kung'ambika, ana anali kumbuyo anayamba kulira. Kukagwa mvula nde zimanyanya. Mnzanga wina anapotokola tima screw ta pa chipangizo cha gasi koma palibe chasintha, mwinanso zaipiraipira. Ena akuti ndingochotsa za gasizo, koma V8 imeneyi imamwa petulo zoopsa, sindingakwanitse. Nditani?
Wowerenga wa ku Leicester

YANKHO: Achimwene pepani kwambiri, makamaka poti munali ndi ana. Ndikupempheni chinthu chimodzi tisanapite patali, bwererani kaye pa petulo olo thumba lipweteke, gasi musamuyatsenso mpaka izi zitakonzedwa.

Mmene mwafotokozeramu ine ndikuona kuti vuto lalikulu si gasi ayi, ndi moto wopita ku mapulagi. Mwati zimanyanya kukagwa mvula, mwati zimachitika mukaponda mafuta, mwatinso mmawa imanjenjemera olo ili pa petulo, zonsezi zikuloza kumodzi. Petulo savuta kuyaka, spaki olo ikhale yofooka iye amangogwira basi, nde amabisa matenda ambiri a injini. Gasi ndi wouma, kuti spaki idumphe pakamwa pa pulagi pamafunika magetsi amphamvu kuposa pa petulo, ndipo mukaponda mafuta mpweya umapanikizika kwambiri mu silinda, kudumphako kumavutiraponso. Magetsi akaona kuti pa pulagi pavuta amasaka njira yachidule, kaya ndi pa waya wong'aluka, kaya mkati mwa cap (chivindikiro) ya distributor, chipangizo chogawa moto ku mapulagi, amadumphira kwa waya wina nkukayatsa silinda yomwe nthawi yake sinakwane, vavu yolowetsa mpweya ikadali yotsegula.

Nanga bwanji zikuphulika chonchi pa gasi pokha? Zida za gasi zakale zomwe zimaikidwa pa magalimoto a zaka zimenezo zimasakaniza gasi ndi mpweya malo amodzi, pa mixer, kamphete kaja kali pa paipi ya mpweya musanafike pa throttle. Ndiye kuti kuchoka pamenepo mpaka ku mavavu, manifold yonse ndi chibokosi cha pamwamba pa injini chija zimakhala zodzadza ndi gasi wosakanizidwa kale, wongodikira kamoto. Pa petulo ma injector amapopera pafupi ndi mavavu, mu manifold mumangodutsa mpweya chabe, nde spaki ikasochera mumangomva kanjenjemera. Pa gasi spaki yomweyo imayatsa zonse zili mmenemo, motowo nkubwerera mmbuyo mpaka ku bokosi la fyuluta, nzimene munaonazo.

Nde yambani ndi mawaya a mapulagi. Usiku kukada, panja osati mu galaja, lizani injini pa petulo, tsegulani boneti, tengani kabotolo kopopera madzi mupopere pang'onopang'ono pa mawayawo. Mukaona timoto tabuluu tikuthwanima pakati pa waya ndi waya kapena pa chitsulo, kapena mukamva tche tche tche injini nkuyamba kutsimphina, basi mwamupeza. Musagwire mawayawo injini ikulira, ndipo manja ndi malaya zitalikire fan ndi malamba. Kunena zoona ngati simukudziwa kuti anasinthidwa liti, olo musaone kamoto ine ndikanangosintha onse, ndipo mugule abwino, apa si pofunika kusunga ndalama.

Posintha chotsani mmodzimmodzi kuti musasokoneze. Injini yanuyo imayatsa masilinda motere, 1-8-4-3-6-5-7-2, rotor, kamkono kozungulira mkati mwa distributor, imazungulira mmene imayendera mivi ya wotchi, ndipo mukakhala pa mpando mutayang'ana kutsogolo masilinda 1, 3, 5, 7 ali kumanzere, 2, 4, 6, 8 kumanja, kuwerenga kuyambira kutsogolo. Tsono onetsetsani 5 ndi 7. Awiriwa ndi oyandikana pa injini komanso amayaka motsatizana, nde mawaya awo akagona pamodzi mtunda wautali, moto wa 5 umatha kudzutsa moto mwa 7 nthawi yake isanakwane, olo mawayawo akhale atsopano. Ndimaona anthu amanga mawaya onse mtolo umodzi ndi ma cable tie kuti mu boneti muoneke bwino, chonde musatero, timapulasitiki tolekanitsa mawaya tija tinaikidwa ndi cholinga, ngati tinathyoka gulani tina.

Kenako vundukulani cap ya distributor muitembenuze pa kuwala. Mukufuna kuona timizere takuda tooneka ngati wina walemba ndi pensulo kuchoka pa chitsulo china kupita pa chinzake, ming'alu, chinyezi, zoyera kapena zobiriwira zomera pa tizitsulo, komanso kakhala kapakati kaja ngati kadyeka. Kamzere kamodzi kokha nkokwanira kutaya cap imeneyo, kupukuta sikuthandiza, njirayo magetsi anaizolowera kale. Rotor nayo musinthe, ndipo pewani zotchipa zija zomwe kachitsulo kake kanagwiridwa ndi rivet, zimakonda kudutsitsa magetsi kupita pa shaft. Apa pali msampha womwe wapweteka ambiri pa ma distributor a Lucas amenewa. Rotor ikakanirira musaikoke mwamphamvu mmwamba, chifukwa imakoka shaft yake ndipo tima spring tamkati timatuluka mmalo mwake, timing, nthawi yomwe moto umafika pa pulagi, nkusokonekeratu. Kanikizani shaft pansi uku mukuichotsa pang'onopang'ono, ikakanitsitsa bola kuiphwanya rotor yakaleyo mosamala poti ndi yotaya kale. Musanaichotse ipotozeniko pang'ono ndi zala nkuisiya, ikuyenera kubwerera yokha. Ikapanda kusuntha kapena kubwerera ndiye kuti zamkati zinagwirana ndi dzimbiri. Pambali pa distributor pali kachitini kokhala ndi kapaipi kakang'ono, kamayamwa ndi vacuum, chotsani kapaipiko mbali ya ku injini muyamwe ndi pakamwa, mpweya ukamangodutsa osakanika ndiye kuti kalabala kamkati kanabooka, ndipo pamenepo injini ikuyamwiranso mpweya wakuba.

Mapulagi ikani atsopano onse 8, wamba a kamwa limodzi, ambiri pa injini imeneyi amaika NGK BPR6ES. Pa gasi mpata wa pakamwa pa pulagi umachepetsedwa pang'ono kusiyana ndi wa mu buku, pafupifupi 0.7mm, kuti spaki isavutike kudumpha, ndipo muyeze ndi feeler gauge osati ndi maso. Mitu ya injini ndi ya aluminiyamu nde gwirani ntchitoyi injini itazizira, pulagi iliyonse muyambe kuimanga ndi zala, sipanala ibwere kumapeto. Mukamayendera gasi musamadikire kuti mapulagi akalambe ngati mmene mungachitire pa petulo.

Koyilo muione ngati yang'aluka pakhosi kapena ikutuluka mafuta. Palinso kabokosi kakuda kakang'ono kotchedwa amplifier, pa zambiri kamakhala pambali pa distributor pomwe pamatentha, kameneka kakamatha kamachita bwino injini ikazizira nkuyamba kudukiza ikatentha. Mawaya a earth ochoka ku batire kupita ku chassis ndi ku injini muwamasule, mupale dzimbiri, mumangenso. Timing iyezedwe ndi timing light. Nzoona kuti gasi amakonda moto wofulumirako pang'ono injini ikamazungulira pang'onopang'ono, koma injini yomweyo imayenderanso petulo, mukapitiriza muyeso iyamba kugogoda pa petulo, nde musatalikirane ndi nambala ya mu buku.

Mukamaliza zonsezi mpamene tingayang'ane mbali ya gasi, ndipo kumeneko chimene chimaphulitsa ndi kuchepa kwa gasi poyerekeza ndi mpweya. Zikasakanizika choncho zimayaka mochedwa, moto umakhala ukadalipo mu silinda pomwe vavu ikutsegukanso. Pindani paipi yaikulu ya mpweya muone mmakwinya mwake ngati mulibe ming'alu, poti yaphulikirapo kangapo nkutheka inang'ambika, onaninso timapaipi tonse ta breather. Bokosi la fyuluta long'ambikalo musinthe musanayesenso gasi, mixer imadalira kuti mpweya uzilowa mwadongosolo, mphepo ikamalowera pong'ambika muyeso umasokonekera. Airflow meter, kachipangizo koyeza mpweya wolowa mu injini, nayo imatha kuonongeka ndi kuphulikako, mukaona kuti pa petulo yayamba kumwa kwambiri kapena kuzimazima muikayikire.

Chipangizo chomwe mnzanu anapotokola chija, vaporiser, ntchito yake nkusandutsa gasi wamadzi kukhala mpweya, ndipo chimatenthetsedwa ndi madzi a mu radiator. Propane, gasi wa mu thanki yanuyo, amawira pa madigiri 42 kunsi kwa ziro, nde madzi otentha akapanda kufika chimazizira mpaka kuchita chisanu choyera pamwamba, gasi nkumatuluka mosalongosoka. Injini ikatentha gwirani mapaipi ake awiri amadzi, onse akhale otentha, ngati ina ili yozizira onani madzi mu radiator kapena mpweya wotsekeredwa mu paipi. Nchifukwa chakenso si bwino kusinthira ku gasi injini isanatenthe, makamaka mu chisanu cha kwanuko. Mkati mwake mumadzikundikira mafuta onata onunkha ofunika kukhetsa, malabala ake amauma ndi ukalamba, fyuluta ya gasi nayo imatsekeka. Koma izi, pamodzi ndi tima screw tija, pitani nazo kwa munthu wa ntchito ya LPG yemwe ali ndi makina oyezera utsi, ndipo mukamuuze chilungamo kuti tinapotokoledwa, kuti ayambire pa chiyambi. Zoyeza ndi khutu sizithandiza apa. Paipi yochoka ku thanki musamasule nokha, gasi wamadzi amawotcha khungu ndi kuzizira kwake, komanso ndi wolemera kuposa mpweya nde akatayika amakhazikika pansi, mu dzenje la galaja kapena mu buti. Mukamva fungo pakani madzi a sopo polumikiza muone thovu, machesi ayi.

Zikapitirirabe zonsezi zitachitika, yezetsani compression. Vavu yopsa kapena yosatseka bwino imabweza moto, ndipo ma V8 a Rover amadziwika ndi kudyeka kwa camshaft akayenda mtunda wautali, zimenezonso zimabweretsa kuphulika kotere. Koma sindikuganiza kuti mufika kumeneko.

Zochotsa gasi ine sindikugwirizana nazo, mungotsala ndi moto wofooka womwewo ndi bilu ya petulo. Ngati chassis ili bwino ndipo mukufuna kukhala nayo nthawi yaitali, ganizirani zida zatsopano za sequential zomwe zimapopera gasi pafupi ndi vavu iliyonse, zimenezo siziphulika chisawawa. Kungoti musanaononge ndalama fufuzani kaye ngati pafupi nanu pakadali pothirira, poti malo ogulitsa LPG ku Britain akhala akuchepa zaka zapitazi.

FUNSO: Amakanika, ndili ndi Hilux 4x4 yakale ya petulo, injini ya 4Y ya carburettor. Ndikamatsika Chiweta nditachotsa phazi pa mafuta imawomba ku ekizozi pha pha pha mpaka anthu kutembenuka. Komanso ndi mizere ya mafutayi, kodi sizingatheke kulumikiza silinda ya gasi wophikira?
Wowerenga wa ku Mzuzu

YANKHO: Bambo, kwanuku kuphulika kukuchitikira kumbuyo, nkosiyana ndi kwa anzathu a ku Leicester. Petulo wosapsa akumakayakira mu ekizozi, ndipo kawirikawiri chimamuyatsa ndi mpweya wolowera pobooka. Injini itazizira yang'anani pomwe manifold ya ekizozi yagwirana ndi mutu wa injini ndi polumikiza paipi yoyamba, mukaona mwaye wakuda ngati wapopedwa kuchoka pa mpata ndi pomwepo, gasket yapsa kapena bawuti yathyoka, ndi misewu yathuyi sizachilendo. Pakapanda kubooka tsukitsani carburettor, kajeti ka idle kamatsekeka ndi zinyalala makamaka ngati mumathira wa mzigubu, muonenso timapaipi ta vacuum, timing ngati siyochedwa, mapulagi ndi mawaya ake, pa 4Y masilinda amayaka motere, 1-3-4-2.

Za silinda yophikira nde ayi bambo, chonde musayerekeze. Thanki ya gasi ya galimoto imamangidwa ndi mabawuti ku thupi la galimoto, ili ndi vavu yoletsa kudzadza kupitirira 80 peresenti, ina yotulutsa mphamvu ikachuluka, ndi ina ya magetsi yotseka yokha injini ikazima. Silinda ya kukhitchini sinapangidwire zimenezo, regulator yake imatulutsa gasi wokwanira mbaula osati injini ya malita 2.2, kapaipi kake ka labala sikangapirire kutentha ndi kugwedezeka kwa mu boneti, ndipo pa ngozi palibe chotseka gasiyo. Konzetsani ekizozi ndi carburettor, yezetsani timing, muona kuti ndi petulo yemwe ayamba kukhalitsako mu thanki.