Mwana akasochera powerenga modumpha ndi 48

Mayi wina wandilembera imelo kuti mwana wake wa Sitandade 4 amathamanga bwino powerenga modumpha ndi 2, 5 ndi 10, koma atapatsidwa 48 anafika pa 96 n'kuima, misozi ili m'maso. Akufunsa ngati amuloweze pamtima.

Ayi mayi, musatero. Kuloweza ndiye kwabweretsa vutoli. Mwana amene amaimba matebulo ndi anzake m'kalasi amadziwa nyimboyo, ndipo nyimbo ikathera pa 12, iyenso wathera pomwepo. Nambala yaikulu safuna kuiloweza, amaiphwanya.

48 ndi 50 yoperewera 2. Kuwerenga ndi 50 aliyense amakudziwa, ndi momwe timawerengera makilogalamu a matumba a chimanga kapena a feteleza: 50, 100, 150, 200, 250. Tiyerekeze kuti thumba lililonse laboola ndipo lataya makilogalamu 2. Loyamba latsala 48. Awiri ndi 100 kuchotsa 4, ndiye 96. Atatu ndi 150 kuchotsa 6, ndiye 144. Kenako 192, kenako 240. Apa ana ambiri amapunthwa pochotsa 2 yekhayo nthawi zonse, n'kulemba 98 m'malo mwa 96, chifukwa aiwala kuti thumba lachiwiri nalo ndi loboola.

Tsopano lembani manambalawa m'kope motsika, lina pansi pa linzake, ndipo mwana aloze ndi chala nambala yakumapeto: 8, 6, 4, 2, 0. Akapitiriza apeza 288, 336, 384, 432, 480, ndipo kumapeto kwabwereranso 8, 6, 4, 2, 0. Izi sizichitika mwangozi. Kumapeto kwa yankho kumalamulidwa ndi kumapeto kwa nambala imene mukudumphira, enawo alibe mawu. N'chifukwa chake 8, 48 ndi 1,998 onse amayenda mofanana kumchira. Mwana akalemba 98 pambuyo pa 48, mchira womwewo umuuza kuti walakwa, pakuti 8 satsatana ndi 8.

Koma mchira sugwira zolakwa zonse. Pophatikiza 96 ndi 48 mwana akaiwala kunyamula 1, amapeza 134. Kumapeto kuli 4, zikuoneka bwino, pamene khumi lathunthu latayika. Mankhwala ake ndi kuika zikhomo musanayambe. Kudumpha kwachikhumi kuyenera kugwera pa 480, mungoikira 0 kumapeto kwa 48, ndipo kwachisanu kugwere pa theka lake, 240. Wa 134 uja afika pa 230, ndipo aona yekha kuti waphonya chikhomo.

Ndimadandaula kwambiri ndikaona wamkulu akupatsa mwana foni kuti aone yankho pa kalikuleta. Foni imuuza 144 koma simuonetsa pamene 10 uja wagwera, ndiye mawa adzamutayanso pamalo omwewo.

Manambala ena okoma kuyesa

Yothera ndi 5 ili ndi michira iwiri yokha, 5 ndi 0. Ya 25 imabwereza 25, 50, 75, 00 chifukwa ma 25 anayi ndi 100. Ya 125 imatenga masitepe 8 kuti idzaze 1,000: 125, 250, 375, 500, 625, 750, 875, 1,000, ndipo mukapitirira mungoona 1,125, 1,250, zomwe zija zavala chikwi patsogolo.

Yothera ndi 1, 3, 7 kapena 9 imayendera michira yonse khumi isanabwerere poyambira. Yesani 37: 37, 74, 111, 148, 185, 222, 259, 296, 333, 370. Musamuuze mwana kanthu, muone ngati aona yekha 111, 222 ndi 333 pa sitepe yachitatu iliyonse. Zimatero chifukwa ma 37 atatu ndi 111 ndendende.

Nanga 99? Iyi ndi 100 yoperewera 1: 99, 198, 297, 396, 495. Kutsogolo kukukwera, kumapeto kukutsika, 9 wakhazikika pakati. Ana amaikonda, koma achenjezeni kuti ikapitirira 990 imagwera pa 1,089, ndipo 9 wapakati uja wachoka. Amene wangotengera maonekedwe osamvetsa kuti akuphatikiza 100 n'kuchotsa 1 amasokonekera pomwepa.

Kunyumbako yambani ndi 30 poloza thireyi ya mazira, mubwere pa 50, kenako 25, ndipo 48 ibwere pambuyo. Mphindi 10 madzulo alionse zikwana, nambala imodzi patsiku, masitepe khumi olembedwa motsika, zikhomo ziwiri zija atalemberatu m'mbali mwa tsamba.