Bwalo la Owerenga: Kodi Ndi Anthu Amene Asokoneza Nyengo?

A Mkonzi,

Ine ndimakhala ku Rosettenville, ndipo kwa zaka 14 ndakhala ndikusamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za ku Randburg. Lamlungu lapitali, titamaliza msonkhano wa bungwe lathu la maliro, tinakangana mpaka dzuwa kulowa pa nkhani ya mvula, popeza ambiri a ife tikutumiza ndalama zogulira chimanga kwa abale amene kale ankakolola chowakwanira. Mkulu wina wa ku Phalombe anati njala ya 1949 inagwa kusanachuluke magalimoto, ndipo Napolo wakhala akutuluka kuyambira kalekale, choncho palibe chachilendo. Mlamu wanga, amene ndi mkulu wa mpingo, anati izi ndi zizindikiro za masiku otsiriza ndipo munthu alibepo dzanja. Mnyamata wina anatiseka tonse, n'kufunsa kuti dziko lingakhale likutentha bwanji pomwe mu 2023 tinaona ndi maso athu chipale chofewa chikugwa mu Johannesburg muno. Ine ndinaima pa mfundo yakuti ndife tomwe tawononga nyengo pomaliza mitengo ndi makala. Kodi wolondola ndani?

Wowerenga wa ku Rosettenville, kwawo ku Chiradzulu

Bambo, mkangano wanuwo suli ku Rosettenville kokha. Bungwe la Afrobarometer, limene limafunsa anthu wamba maganizo awo, linachita kafukufuku m'maiko 34 a mu Africa pakati pa 2016 ndi 2018, ndipo linapeza kuti anthu 58 pa 100 alionse ndi amene anali atamvapo za kusintha kwa nyengo. Ku Malawi anali 78, pomwe kuno ku South Africa, dziko limene limatulutsa utsi wa malasha ndi mafuta wochuluka kuposa lina lililonse mu Africa, anali 41 okha. Mwa amene anamvapo, pafupifupi theka ndi limene linati gwero lake ndi zochita za anthu basi. Koma pakati pa akatswiri ofufuza za nyengo kugawikana koteroko kulibe, ndipo gulu lawo lotchedwa IPCC, limene linakhazikitsidwa mu 1988 pansi pa United Nations, linanena mu 2021 kuti palibenso chikayiko chakuti zochita za anthu ndi zimene zatenthetsa mlengalenga, nyanja ndi mtunda.

Chifukwa chake mukhoza kuchimvetsa msanga inuyo amene mumasamalira maluwa. Mukudziwa kuti mu June ndi July chisanu chimawaula mbewu usiku umene kumwamba kwayera mbee, pomwe usiku wa mitambo mumadzuka kapinga ali wobiriwira. Nthaka imene yawotha dzuwa masana imataya kutentha kwake usiku, ndipo mitambo imakubweza pansi kutenthako. Mpweya wa carbon dioxide, umene umatuluka tikawotcha malasha, mafuta a galimoto, gasi kapena nkhuni, umagwira ntchito yofanana ndi imeneyi usana ndi usiku, ngakhale kuti suoneka ndi maso. Zimenezi si nzeru za dzulo: wasayansi John Tyndall anaziyesa mu 1859, ndipo mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengera kuti mpweyawu ukachuluka dziko lidzatentha. Makina a malasha asanafale, mpweyawu unali magawo pafupifupi 280 pa miliyoni iliyonse ya mpweya wonse. Pamene Charles David Keeling anayamba kuuyeza paphiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958 unali pafupifupi 315, ndipo lero wadutsa 420. Dziko nalo latentha motsatira, moti chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse chiyambireni kulemba miyezo, ndi madigiri pafupifupi 1.5 kuposa mmene zinalili kumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Ena amati mwina dzuwa ndi limene lawonjezera mphamvu, koma masetilaiti akhala akuliyeza kuyambira mu 1978 ndipo mphamvu yake siinakwere. Komanso likanakhala dzuwa, mlengalenga monse mukanatentha kuyambira pamwamba mpaka pansi, pomwe miyezo ikusonyeza kuti kumwamba kwenikweni kukuzizira ndipo kuno kufupi ndi nthaka ndi kumene kukutentha, monga mmene ziyenera kukhalira ngati kutentha kukutsekeredwa pansi. Mapiri ophulika nawo amatulutsa mpweyawu, koma onse pamodzi amangofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a umene anthu amatulutsa pachaka.

Mkulu wa ku Phalombe uja sananame, ndipo mumupatse ulemu wake. Njala ya 1949 inachitikadi, Napolo anagumula Zomba mu 1946 ndi Phalombe mu 1991, ndipo nyanja ya Malawi inaphwerapo kwambiri mwakuti mtsinje wa Shire unasiya kutuluka m'nyanjamo kuyambira cha mu 1915 mpaka 1935. Nyengo imasinthasintha payokha, ndipo palibe katswiri amene amakana zimenezi. Komabe kunena kuti kale mphezi inkayatsa tchire sikutsimikizira kuti moto wa lero sanayatse ndi osaka mbewa. Funso loyenera si lakuti kodi kale kunalibe madzi osefukira, koma lakuti kodi lero akubwera kangati ndipo ndi ukali wotani. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi chowonjezera pafupifupi magawo 7 pa 100, ndipo chinyezicho chimadzatsika ngati mvula yamphamvu. Akatswiri a World Weather Attribution, amene amafufuza ngozi imodzi ndi imodzi, anapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula ya namondwe wa Ana, yemwe anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, ndiponso kuti mvula ngati imene inapha anthu oposa 400 ku Durban ndi madera ozungulira mu April chaka chomwecho tsopano ingagwe pafupifupi kawiri pomwe kale ikanagwa kamodzi. Wobadwa mu 2015 kuchigawo chakummwera kwa Malawi anafika zaka 8 ataona kale anamondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ndi Freddy mu March 2023, amene anatenga masiku 36 ali moyo kuchokera kufupi ndi Australia, n'kusiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa m'dziko lathu.

Za mnyamata uja sitichedwapo. Chipale chofewa chinagwadi pa 10 July 2023, koyamba kuchokera mu 2012, koma mwezi womwewo, poika pamodzi miyezo ya dziko lonse lapansi, unali wotentha kuposa mwezi wina uliwonse umene unali utalembedwapo kufikira nthawi imeneyo. Tsiku limodzi lozizira mumzinda umodzi silingatsutse zaka 100. Umboni wodalirika muli nawo m'misewu imene mumasesa: ofufuza a pa yunivesite ya Wits anafukula nyuzipepala zakale za ku Gauteng n'kupeza kuti mitengo ya jacaranda yakhala ikufulumira kuchita maluwa ndi masiku pafupifupi 2 pa zaka 10 zilizonse.

Tsopano tifike pa mfundo yanu, imene ili yoona mbali imodzi ndipo mbali inayo ikusenzetsa mlandu munthu wolakwika. Amene anaona Chilobwe Freddy atadutsa akudziwa kuti matope ndi miyala zinatsika kuchokera m'phiri la Soche, limene linali litatha mitengo ndipo nyumba zinali zitakwera mpaka m'matherezi ndi m'makwawa. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo pamenepo dzanja lathu lilipo ndithu: phiri lometedwa silisunga madzi, mitsinje imadzaza mchenga, ndipo mvula imene ikanangowononga minda imapha anthu. Koma wowotcha makala wa ku Neno sanatenthetse nyanja ya Indian Ocean imene inadyetsa Freddy. Kudula nkhalango padziko lonse kumapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mpweya uja, ndipo wotsalawo ukuchokera ku malasha, mafuta, gasi ndi simenti. Africa yense, ndi anthu ake oposa 1.4 biliyoni, safika magawo 4 pa 100 a utsi wa malasha ndi mafuta wa dziko lonse. Mmalawi mmodzi amatulutsa makilogalamu pafupifupi 100 pachaka, wa ku South Africa amapitirira 6,000, ndipo wa ku United States amapitirira 13,000. Mukadzakwera galimoto yopita ku eMalahleni, dzayang'aneni machumuni a Kendal ndi malo ena opangira magetsi a ku Mpumalanga, chifukwa magetsi ambiri amene timaphikira kuno amachokera ku malasha amenewo. Ndiye tikamati anthu ndi amene asokoneza nyengo, mawu akuti anthu asatiphimbe m'maso ngati kuti tonse tinathira nkhuni zofanana pamotopo. Pa chifukwa chimenechi maiko osauka anaumirira mpaka msonkhano wa United Nations wa zanyengo wa ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, mu 2022 unavomereza thumba la ndalama zothandizira maiko amene awonongekeredwa ndi nyengo.

Za alamu anu, tsamba lino silingaweruze chikhulupiriro cha munthu. Tingonena kuti mlimi wopemphera amapalirabe munda wake, ndipo mwana akadwala malungo sitileka kufunsa za udzudzu chifukwa chakuti moyo uli m'manja mwa Mulungu. Alamu anuwo akhoza kusunga chikhulupiriro chawo chonse n'kuvomerezabe zimene zayezedwa.

A Mkonzi,

Ndinamva pa wailesi kuti anthu ndi amene akusokoneza mvula. Kwathu azakhali anga, amene ndi okalamba ndipo amakhala okha, akunenedwa kuti anamanga mvula. Anthu akuti mitambo ikasonkhana iwo amatuluka panja, mitamboyo n'kubalalika, ndipo anyamata ena afika powaopseza kuti awagwetsera nyumba. Ine sindinakhulupirirepo zimenezi, koma ngati ophunzira omwe akuti munthu angathe kusintha nyengo, kodi anthu a m'mudzi mwathu sakunena zoona?

Mayi wa ku Cosmo City, kwawo ku Ntcheu

Mayi, ayi, sakunena zoona, ndipo nkhaniyi musaichedwetse chifukwa pali moyo wa munthu. Zimene akatswiri amanena ndi zochita za anthu mabiliyoni kwa zaka zoposa 150, zimene zawunjika mpweya mlengalenga pang'onopang'ono popanda wina kufuna kuti mudzi wakutiwakuti usalandire mvula. Zimenezi n'zosiyana kotheratu ndi kunena kuti munthu mmodzi angaimitse mitambo pamwamba pa mudzi wake.

Mvula ya ku Ntcheu imachokera kutali kwambiri. M'miyezi ya November ndi December, dera limene mphepo zochokera kumpoto ndi kummwera zimakumana limatsikira kwathu kutsatira dzuwa, ndipo limakoka chinyezi cha ku Congo ndi cha ku Indian Ocean. Dera limeneli likachedwa kapena likakhazikika kumpoto, mitambo imasonkhana masana n'kubalalika madzulo osagwetsa kanthu, monga mmene anthu a kwanu akuonera, ndipo zimatero kaya azakhali anu atuluka panja kapena agona m'nyumba. Ng'amba ya kumayambiriro kwa 2024 inapsereza chimanga kuyambira ku Zambia mpaka ku Zimbabwe, maiko onsewo analengeza za ngozi, ndipo ku Malawi Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, analengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28 mu March chaka chimenecho. Palibe gogo amene mphika wake ungavundikire maiko atatu. Akatswiri omwe aja a World Weather Attribution atafufuza ng'amba imeneyi anapeza kuti gwero lake lalikulu linali El Niño, kutanthauza kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumabwera mwachilengedwe pakapita zaka 2 mpaka 7, osati kusintha kwa nyengo kochititsidwa ndi anthu. Tikutchula zimenezi dala kuti muone kuti akatswiri enieni sathamangira kuloza chala, ngakhale pamene kutero kukanakomera mfundo yawo.

Tikudziwa kuti chaka chanjala mitima imafuna wina womukwiyira, ndipo kawirikawiri chala chimagwera nkhalamba yopanda ana aamuna pafupi oitchinjiriza. Lamulo la ku Malawi la 1911 lokhudza ufiti limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo kuopseza kugwetsa nyumba ndi mlandu winanso pawokha. Imbirani foni mwinimbumba wanu lero lomwe kuti akaonane ndi amfumu, nkhaniyi ikambidwe pabwalo anyamatawo ali pomwepo. Ngati kuopsezako kukupitirira, wachibale akanene kupolisi, ku ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, ndipo azakhali anuwo ayambe akhala kwa wachibale wina kufikira mvula itagwa. Mupemphenso mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kuti pabwalo lomwelo akawerenge ulosi wa mvula umene nthambi ya boma yoona zanyengo imatulutsa dzinja lisanayambe, kuti anthu amve okha kuti ng'amba imene akuiona inanenedweratu miyezi ingapo mitambo isanayambe n'kusonkhana komwe.