Za nyumba ya lendi ya msuweni wanga ku Blantyre

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaumva uthenga wanu uja, ndiye ndati ndiyankhe ndi mawu chifukwa kulemba zonsezi chala chingatupe. Mwati a dokotala athuwa, mwana wanu amene akuphunzira udokotala, malo a ku hositelo sanawapeze, ndipo pali zipinda ziwiri zomwe mwamva, china ku Chitawira chokwererapo mtengo, china ku Chilobwe chotsika pafupifupi ndi theka, ndiye mukufunsa kuti mutenge chiti. Ine ndikuti musanayang'ane mtengo, yambani mwayeza mtunda, ndipo muyezere pa geti la chipatala cha Queens, osati pa geti la sukulu.

Chifukwa chake nachi. Sukulu ija, Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yomwe kale tinkati College of Medicine isanaphatikizane ndi Kamuzu College of Nursing mu 2021, ili mu msewu wa Mahatma Gandhi, ndipo chipatala cha Queens chili pafupi pomwepo, cha ku Ginnery Corner. Zaka zoyambirira mwana amakhala m'kalasi ndi mu labu, amaweruka dzuwa lilipo. Koma akangolowa zaka za m'mawodi, moyo wake umasamukira ku chipatala. M'mawa ayenera kufika 8 koloko isanakwane, ndipo pali masiku ogwira usiku, makamaka akakhala ku Chatinkha kwa amayi oyembekezera, kumene mwana sabadwa poyang'ana wotchi. Ndiye funso lenileni ndi lakuti: akatuluka m'chipatala 10 koloko usiku, foni ili m'thumba, laputopu ili kumsana, afika bwanji pakhomo? Nthawi imeneyo minibasi zasowa kale. Chotsala ndi kabaza wa njinga yamoto, amene usiku mtengo amatchula yekha, kapena kuyenda pansi. Komanso kumbukirani kuti mu June ndi July ku Blantyre 6 koloko kumakhala kutada kale, chiperoni chikuwaza.

Choncho kumene angayende pansi mphindi 20, zikachuluka 30, mu msewu wodutsa anthu, ndiye koyamba kuganizira. Chitawira ali mu gulu limenelo. Ku Mandala ndi ku Mount Pleasant kumapezeka maboyizikota kuseri kwa nyumba zikuluzikulu, kwa phee, kumpanda, koma misewu yake usiku imakhala zii, opanda ndi munthu mmodzi yemwe, ndiye bata lomwelo ndi limene limaopsa. Naperi, Nkolokosa ndi Zingwangwa ndi kotalikirako, kumeneko muziwerengera thiransipoti. Chilobwe ndiye kutali ndithu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tingoyerekeza kuti ulendo umodzi wa minibasi ndi K1,000, inu muikepo mtengo weniweni wa lero. Kupita ndi kubwera, K2,000. Masiku 26 pa mwezi, poti Loweruka amapitanso kukawerenga kapena kukaona odwala ake, ikukwana K52,000. Muwonjezere makabaza a usiku anayi kapena asanu. Ndalama imeneyo muiphatikize pa lendi ya ku Chilobwe, kenako mufananize ndi ya ku Chitawira. Nthawi zambiri nyumba yotchipa ija imapezeka kuti ndiyo yodula, ndipo mafuta akasowa m'tauni mitengo ya minibasi imakwera tsiku lomwelo pamene lendi ili pomwepo. Sindinawerengere ola limodzi kapena awiri otayika pa siteji tsiku lililonse, kwa munthu amene mabuku ake ndi okula ngati njerwa.

Eya, tsopano kukaona chipindacho. Musalipire kalikonse potengera zithunzi za pa WhatsApp. Apite munthu wamkulu pamodzi ndi mwanayo, ndipo apiteko kawiri: kamodzi masana, kachiwiri madzulo cha m'ma 7. Masana dera lililonse limaoneka lofatsa. Madzulo ndi pamene mumadziwa kuti kuseri kuli bala ya zimbale mpaka mbandakucha, kapena tchalitchi cha mapemphero a usiku wonse, kapena chigayo. Amene wagwira usiku amafuna kugona masana, ndiye afunsenso za phokoso la masana, ngati pali shedi ya owotcherera zitsulo pafupi.

Madzi. Pamenepa ndiimepo pang'ono chifukwa ambiri amangotsegula mpope, akaona madzi akutuluka basi akhutira. Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa kuchokera mu Shire, ku Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kukwezedwa phiri ndi makina a magetsi. Magetsi akavuta kumeneko mipope imauma m'tauni, ndipo nyumba za kumtunda ndizo zimayamba kuuma ndi kumaliza kulandira. Ndiye musafunse landilodi, iye ayankha kuti madzi savuta. Funsani alendi anzake, kapena mayi amene mwamupeza akuchapa: sabata yathayi madzi anasiya masiku angati, amabwera nthawi yanji? Mukaona pakhomo pali migolo ndi zigubu zandandalikana, yankho mwalipeza kale. Ngati pali thanki pamwamba, ndi mwayi. Ngati palibe, mwanayo akhale ndi zigubu zitatu za malita 20 ndi ndowa ya chivindikiro, zodzaza nthawi zonse. Munthu wochokera m'wodi amafunika kusamba akangofika, ndipo koti yoyera ija imachapidwa payokha, siisakanizidwa ndi zovala zina. Chimbudzi chogejemula chopanda madzi ndi choipa kuposa chokumba chosamalidwa, ndipo kolera ya 2022 mpaka 2023 tonse tikuikumbukira. Awerenge kuti chimbudzi chimodzi akugwiritsa ntchito anthu angati, ndipo amatsuka ndani.

Magetsi nawonso nkhani yake ili pa mita. Chipinda chili ndi mita yakeyake kapena ndi yogawana? Ikakhala yogawana, mikangano yonse imayambira pomwepo. Laputopu, foni ndi babu limodzi sizidya kanthu, mwina theka la yuniti pa tsiku. Koma hotipuleti ya mbale imodzi imamaliza yuniti yathunthu kapena kupitirira pa ola limodzi, ndiye woyandikana naye akamaphika nyemba pa magetsi maola atatu, kusonkherana mofanana ndi kumudyera mwana wanu masuku pamutu. Mugwirizaniretu: amagula mayuniti ndani, tsiku liti, ndipo akatha pakati pa mwezi zimakhala bwanji. Aonenso pa mita ngati palibe ngongole yakale, ya madzi makamaka, ajambule manambala tsiku lolowa. Masoketi awayese ndi chaja, onse. Soketi yakuda ngati yapsa, kapena mawaya olumikiza ndi pepala la pulasitiki, pamenepo musakambirane n'komwe. Mumugulire nyali yotchaja ndi power bank, poti mayeso sadikira kuti magetsi ayake. Netiweki ayese ali m'kati mwa chipinda chitseko chili chotseka, Airtel ndi TNM yomwe, chifukwa manotsi ndi ndandanda wa ntchito zimabwera pa foni.

Akweze maso kudenga. Madontho a bulauni pa siling'i ndi chizindikiro chakuti malata amadontha, ndipo mukaona nyumba mu September simungadziwe mwa njira ina. Khoma likamafundula penti m'munsi, kapena m'chipinda mukamanunkha chuku, ndiye kuti chinyezi chimakwera kuchokera pansi, mabuku ndi matiresi zidzaola mu February. Chipinda chopanda siling'i, cha malata okhaokha, mu October chimasanduka uvuni. Windo likhale lotseguka bwino, la zitsulo, ndipo pakhale pomangirira neti. Ngati mulimo kale bedi, aunike ndi tochi m'ming'alu: timadontho takuda ndi nsikidzi. Za ku Chilobwe ndiwonjezerepo ichi, namondwe wa Freddy mu March 2023 anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, ndipo Chilobwe ndi limodzi mwa madera amene anthu ambiri anataya miyoyo. Sikuti dera lonse ndi loipa ayi, koma nyumba ya m'mphepete mwa khwawa kapena yotsamira phiri muikane ngakhale itatchipa bwanji.

Chitseko chikhale cha thabwa lolimba, osati zija zamphako zoti munthu angoponda kamodzi. Loko asinthe tsiku lolowa, popeza simudziwa kuti makiyi akale ali ndi anthu angati. Ndiye afunse za geti. Eni nyumba ena amakhoma 9 koloko ndipo kiyi sapereka. Kwa wophunzira udokotala zimenezo sizingatheke, ayenera kukhala ndi kiyi wake wa geti, ndipo landilodi auzidwiretu kuti mtsikanayu azifika usiku nthawi zina chifukwa cha chipatala, asadzayambe kumuganizira zina n'kumakuimbirani foni.

Pa ndalama, chenjerani ndi adobadoba. Chakuzungulira Ginnery Corner kuli ophunzira ambiri, a KUHeS, a MUBAS yomwe tinkati Poly, ndi a Malawi College of Health Sciences, onse akusaka zipinda nthawi imodzi, ndiye akamberembere amapezerapo mwayi. Wina amakuonetsani chipinda cha eni ake, n'kunena kuti tumizani pa Mpamba msanga pali wina akuchifuna. Ndalama iperekedwe kwa mwini nyumba weniweni, mutamuona ndi maso, alendi ena atatsimikiza kuti ndi yemweyo, ndipo kiyi ali m'manja. Mulemberane ngakhale pa pepala la m'kope: lendi ndi zingati, imalipidwa pa deti yanji, dipoziti ndi zingati ndipo idzabwezedwa bwanji, notisi ndi ya mwezi umodzi mbali zonse, mpope ukawonongeka akonza ndani, lendi ingakwere pakatha nthawi yaitali bwanji. Pakhale mboni pamene mukusayinirana, aliyense atenge pepala lake. Mukalipira pa foni, uthenga uja musafufute.

Ambiri amafuna miyezi itatu yoyambirira pamodzi. Imeneyo mutha kulolera, koma chaka chathunthu ayi, ngakhale atakutsitsirani. Ophunzira udokotala sakhala malo amodzi mpaka kumaliza: sukuluyi ili ndi nthambi ku Lilongwe pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central, ilinso ndi malo ku Mangochi, ndipo amatumizidwa uku ndi uku malinga ndi chaka chimene ali. Msuweni wangayo afunse anzake a patsogolo kuti chaka chake chino akhala miyezi ingati mu Blantyre, ndipo mufunsiretu landilodi za nthawi ya holide, ngati mumalipira yonse kapena theka kuti chipinda chisungidwe. A patsogolo omwewo ndi amene amadziwa chipinda chimene chikutsala wina akamasamuka, popanda dobadoba.

Ngati ya ku Chitawira ikukulemerani, apeze mnzake wa kalasi imodzi agawane. Ndikuti wa kalasi imodzi dala, chifukwa mayeso awo amagwa limodzi, pobwera usiku amayenda awiri, ndipo palibe amene angadandaule kuti nyali yayaka mpaka 2 koloko. Dzina lake alisiyenso ku ofesi yoona za ophunzira, malo a ku hositelo nthawi zina amatseguka pakati pa chaka.

Amene apite kukaona Loweruka anditumizire zithunzi za mita, za siling'i, za chimbudzi ndi za chitseko, komanso ayende pansi kuchokera pachipindacho kukafika pa geti la Queens atayang'ana wotchi, andiuze mphindi zake. Mupereke moni kwa azakhali.