Magalasi a madola 5 aja musamugulire mphwanu, achimwene

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mphwanu walembedwa ntchito yolondera nyama kuchigwa cha Zambezi ndipo kokaphunzirako awauza kuti aliyense abwere ndi magalasi ake ovala powombera mfuti, nde inu mwaona ena mtauni a madola 5 olembedwa military tactical, mukufunsa ngati angathandize, komanso ngati inuyo mungamavale omwewo panjinga yamoto ndi pa paintball, masewera aja owomberana timipira ta utoto. Ndaona ena ayankha kale kuti ingogulani, magalasi ndi magalasi basi. Ine mtima wandikana kungodutsa, chifukwa ndagwira mfuti zaka zambiri pa ntchito yoperekeza ndalama muno mu Harare ndipo nkhani ya maso ndili nayo ndi chifukwa.

Choyamba tichotse bodza limodzi lomwe ogulitsa amakonda. Palibe magalasi oimitsa chipolopolo. Chipolopolo cha AK chimatuluka pa liwiro la mamita oposa 700 pa sekondi, kapulasitiki kali pamphuno sikangachite kanthu pamenepo, ndiye munthu akakuuzani kuti awa ndi bulletproof dziwani kuti akungofuna ndalama yanu. Ntchito ya magalasi amenewa ndi kutchinga tizidutswa, tija timabwerera chipolopolo chikamenya chitsulo kapena mwala, timiyala tothowa, khoko lotentha lotuluka mumfuti ya mnzako amene waima kumanzere kwako, mafuta ndi utsi wotentha mfuti ikavuta, nthambi ya minga usiku kutchire. Zimenezi ndi zomwe zimapha maso a anthu, ndipo zimachitika ngakhale pophunzira pomwepa, osati kunkhondo kokha.

Ineyo anga akale ndikadali nawo mudilowa, sindiwataya. Tsiku lina tinali pa range, malo ophunzirira kuwombera, tikuwombera mbale zachitsulo ndi mfuti ya 9mm, mbale ina inali yakale yokumbikakumbika, ndinangomva kuti thaa pankhope ngati wina wandigenda ndi kamwala, mutu unachita kubwerera m'mbuyo. Nditavula ndinapeza kadzenje pagalasi lakumanzere, kakang'ono ngati kanjere ka mapira, ndipo mkati mwake munali kachidutswa ka mkuwa kakuwala, ndendende pomwe pali mwana wa diso. Galasilo silinasweke, linangoyera mozungulira kadzenjeko. Manja ananjenjemera mpaka madzulo achimwene. Koma mnzanga wina amene tinkagwira naye ntchito sizinamuyendere chonchi, iye anali ndi magalasi abwinobwino koma tsiku limenelo kunatentha, anachita nthunzi mkati osaona bwino, anawakweza pachipumi kuti amalize zipolopolo zochepa zomwe zinatsala, kachidutswa kanalowa diso lakumanja. Lero ali ndi diso limodzi ndipo ntchito ya mfuti inathera pompo, ana ake anali aang'ono nthawi imeneyo. Nkhani yake ndiyo imandilembetsa zonsezi.

Nde mungadziwe bwanji enieni? Osayang'ana bokosi, bokosi aliyense atha kusindikiza. Tengani magalasiwo m'manja, yang'anani mkati mwa mwendo uja umapita kukhutu komanso pakona ya galasi, opanga enieni amadinda chizindikiro pamenepo. Mukaona Z87+ ndiye kuti anayesedwa pa muyeso wa ku America wa ANSI Z87.1, ndipo kamtanda kakumapetoko musakaphonye, ndi kamene kakunena kuti anapirira kumenyedwa mwamphamvu. Poyesapo amawombera kachitsulo kobulungira ngati timagolo ta njinga, ka mamilimita 6.35, pa liwiro la mamita pafupifupi 45 pa sekondi, komanso amagwetsera chitsulo chosongoka cha magalamu 500 kuchokera pamtunda wa masentimita 127. Zimenezo ndi zabwino kwa munthu wa grinder kumsika wa Siyaso kapena wodula matabwa. Koma muyeso wa asilikali ndi nkhani ina. Wakale uja MIL-PRF-31013 amawombera kachidutswa kachitsulo kakang'ono pa liwiro la mamita pafupifupi 200 pa sekondi, ndipo watsopano MIL-PRF-32432A anakwezanso kupitirira pamenepo. Taonani nokha, 45 ndi 200, kusiyana kwake sikwamasewera. Asilikali a ku America ali ndi mndandanda wawo wotchedwa APEL wa magalasi omwe anavomereza kuti msilikali avale, uli pa intaneti aliyense atha kuuona, ndipo mayina omwe amadziwika kumeneko ndi ngati ESS, Revision, Wiley X ndi Oakley. Kwa mphwanu ine ndingati funani olembedwa muyeso wa asilikaliwo, ngati ESS Crossbow kapena Revision Sawfly, zikakanika ndithu ndiye Z87+ koma pansi pa apo ayi.

Katundu wambiri wobwera kuno amadzera ku South Africa ndipo ena amakhala ndi zilembo za ku Ulaya, EN 166. Pamenepo muyang'ane chilembo chimodzi. F ndi mamita 45 pa sekondi, B ndi 120, A ndi 190. Magalasi wamba a miyendo amathera pa F, B mumampeza pa ma goggles otseka mbali zonse aja, A ndi wa zotchinga nkhope yonse. Mukaonanso K ndiye kuti sakandika msanga, N ndiye kuti sachita nthunzi msanga. N ameneyu mumusamale kwambiri, mwamva nkhani ya mnzanga ija.

Tsono vuto lili apa, akuba nawo anaphunzira kudinda. Mupeza Oakley mtauni pa tebulo la m'mbali mwa msewu ali ndi kachikwama kake, magalasi osinthira asanu, chilichonse chooneka bwino, mtengo madola 10. Enieni amtundu umenewo kwawo komweko sagulidwa mtengo wotero, nanga afika bwanji pa tebulo la mu Harare atatchipa kuposa kufakitale? Abodzawa ambiri pulasitiki yake ndi youma, ikamenyedwa imasweka ngati botolo ndipo tizidutswa take ndi tomwe timalowa m'diso, ndiye munthu wavulazidwa ndi chinthu chomwe amati chimuteteza. Enieni amapangidwa ndi pulasitiki yolimba yotchedwa polycarbonate, imapindika, imachita dzenje, koma simwazika. Felemu nayonso ndi nkhani, galasi litha kulimba koma ngati felemu ili yofooka lonse limachoka n'kukankhikira m'diso. Ndiye ngati thumba silikulola ma brand akuluakuluwo, kuli bwino mupite kumashopu ogulitsa zovala zodzitetezera pantchito, a ku Msasa, Graniteside kapena Workington, mukagule a 3M, uvex kapena Bollé enieni okhala ndi chizindikiro, mutenge ndi lisiti. Saoneka ngati a msilikali wa mufilimu koma anayesedwa, ndipo mtengo wake si woopsa. Mukafuna a muyeso wa asilikali funsani kumashopu ogulitsa mfuti ndi zosakira nyama, kapena mutume munthu wodalirika wopita ku Johannesburg akagule m'shopu yodziwika, osati pamsika. A kaunjika a kumsika wa Mupedzanhamo ngakhale atakhala enieni ine sindingamuveke mwana wanga, simukudziwa kuti anakhala padzuwa zaka zingati kapena anamenyedwapo kale.

Mukapeza enieni ntchito sinathe, ayenera kumukwana. Apa ndikupemphani kuti ngati n'kotheka mupite naye mphwanuyo akayese yekha, chifukwa magalasi ambiriwa anawapangira nkhope za azungu za mphuno zazitali, ife ambiri mphuno zathu ndi zotambalala ndiye amatsetsereka kapena amakhala pa masaya n'kusiya mpata pamwamba. Awavale, aweramire pansi ngati akumanga nsapato, agwedeze mutu mwamphamvu, akagwa kapena kutsetsereka asiyeni. Ayang'ane pagalasi la m'shopu ngati pali mpata woti chala chilowe m'mbali kapena pansi pa diso, chifukwa kachidutswa sikabwera kutsogolo kokha ayi, kena kamadzera m'mbali kuchokera kwa mnzako. Ndi chifukwa chake amafunika okhota ozungulira nkhope mpaka cha kukhutu. Ayesenso atavala chipewa chake ndi zotseka makutu zija, miyendo ikakhala yonenepa imakweza zotseka makutuzo phokoso n'kumalowa, komanso imafinya mutu, pakatha ola limodzi munthu mutu ukuwawa ndipo chomwe amachita ndi kuvula. Ndipo aike tsaya ngati akuloza ndi mfuti yaitali aone ngati felemu yapamwamba sikumutchinga, ena amaoneka bwino utaima chilili koma ukaweramira pamfuti umangoona pulasitiki yakuda.

Za nthunzi ndibwerezenso chifukwa komwe akupitako si kuno. Ife pa Harare tili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500, kamphepo kamatithandiza, koma kuchigwa cha Zambezi mwezi wa October kutentha kumapitirira madigiri 40, munthu akuyenda wapansi ndi chikwama kumsana thukuta lili kamukamu. Magalasi omatirira kwambiri pankhope amachita nthunzi pompopompo. Asankhe okhala ndi mankhwala oletsa nthunzi mkati komanso kampata kakang'ono kopitira mpweya pamwamba, ndipo mumugulire kansalu kake kopukutira ndi kachingwe kokolekera m'khosi. Mumuuze ndithu ngati mkulu wake, kuti akachita nthunzi ali pa mzere wowombera aike mfuti pansi bwinobwino, achoke pamzerepo, akapukutire kumbuyo. Asakweze pachipumi anzake akuwombera, ngakhale kwa kamphindi.

Mtundu wa galasi musavutike nawo kwambiri. Loyera la usiku ndi m'bandakucha, lakuda la masana, awiriwa akwana, ndipo ambiri enieni amabwera ndi onse awiri osinthana pa felemu imodzi. Lachikasu limathandiza kukakhala mitambo koma si lofunikira. Polycarbonate payokha imatchinga kale kuwala koipa kwa dzuwa kuja amati UV ngakhale galasi likhale loyera, ndiye kuda sikutanthauza kuti ndiye akuteteza kwambiri. Ma polarized ndi abwino kwa inu opita kukawedza ku Chivero kapena ku Kariba chifukwa amachotsa kunyezimira kwa madzi, komanso mbedza ikafwamphuka pa chingwe chokoka imabwera molunjika kumaso, koma kwa mphwanu amene azigwiritsa GPS ndi wailesi atha kumamudetsera sikirini. Ngati amavala mandala a kuchipatala asaganize kuti amenewo akwanira, agule amtundu wokhala ndi kafelemu kamkati komwe a maso amaikamo mandala ake, ESS ndi Revision ali nato.

Tsopano zanu za paintball, apa ndikana kwamtuwagalu. Magalasi a miyendo, kaya akhale a muyeso wa asilikali, si a paintball. Kampira kaja ndi kakakulu, pafupifupi mamilimita 17, kamathamanga mamita ngati 90 pa sekondi, kakamenya kamatha kuwasuntha magalasiwo kapena utoto ndi makoko ake kulowera pansi. Pamafunika chigoba chake chotseka maso, makutu ndi pakamwa, choyesedwa pa muyeso wa ASTM F1776, ndipo malo osewerera abwino amakupatsani okha, chanu n'kuyang'ana ngati galasi lake lilibe mng'alu komanso osachivula muli m'bwalo. Airsoft, masewera ena owomberana timipira ting'onoting'ono ta pulasitiki, nayonso imafuna ma goggles otseka mbali zonse, aja a waya ngati sefa sindiwakhulupirira chifukwa timipira tina timasweka n'kudutsa m'mabowo. Panjinga yamoto ndiye eya, Z87+ akuthandizani bwino ku fumbi la August, tizilombo ndi timiyala tothowa kumatayala a makombi, bola madzulo muzivala oyera osati akuda. Kanthu kena poti mwatchula military, pogula musatengeke ndi zovala kapena zipewa za mawangamawanga a chisilikali, muno mu Zimbabwe lamulo sililola munthu wamba kuvala zimenezo, mungavutike nazo pa roadblock.

Kasamalidwe nkosavuta koma anthu amaononga magalasi abwino ndi manja awo. Osapukuta ndi malaya pali fumbi, mchenga umakanda, atsukeni kaye ndi madzi ndi kasopo pang'ono. Petulo, thinasi, mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, zonsezi zimafooketsa polycarbonate ngakhale maso asaone. Ndipo ichi mumuuze mphwanu chifukwa kuchigwa kuli udzudzu ndi kashembe, mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amadya pulasitiki, akadzola asambe m'manja asanagwire magalasi. Osawasiya pa dashibodi padzuwa. Akangomenyedwa kamodzi mwamphamvu, kapena mwaona kamng'alu pafupi ndi felemu, ntchito yawo yatha, agule galasi lina. Anga aja ndinasiya kuvala tsiku lomwelo.

Zikachitika ndithu kuti kanthu kalowa m'diso, asatikite, asayese kukachotsa ndi kamtengo kapena nsalu, asafinye. Aphimbe ndi chinthu cholimba chosakhudza disolo, ngakhale kapu ya pepala yodula pakati, amate ndi pulasitala n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Kuno kwathu a maso ali ku Sekuru Kaguvi pa Parirenyatwa.

Loweruka m'mawa ndikhala ndili ku Mbare, ngati mungathe ndilembereni ku inbox tikumane, mubwere naye mphwanuyo. Ndibweretsa anga akale aja agwire yekha kadzenjeko ndi chala, ndi omwe ndikuvala pano awayese pankhope tione saizi yake, kenako tipitire limodzi ku Msasa mashopu asanatseke masana.